Jemu Wopanda Ara

Ndikukumbukira tsiku lomwe tinatsekera sukulu nditamaliza Sitandade 7, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Linali Lachisanu. Ndinathamanga kuchokera kusukulu mpaka kwathu osaima paliponse, lipoti lili m'manja, fumbi lili koboo kumbuyo kwanga. Ndinali nditakhala nambala wani, ndipo mwana wa nambala wani sayenda monyang'wa ayi, amauluka. Kwathu ndi kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene dzuwa la Novembala limaotcha mpaka dothi la m'dambo kung'aluka. Mapazi ankapsa ndithu, koma ine sindinkamva kanthu.

Kuti mumvetse zomwe zinachitika pakhonde pathu tsiku limenelo, ndiyambe ndakuuzani za chakacho. Nthawi ya dzinja kunagwa kolera, ndipo m'mudzi mwathu inayambira pakhomo pathu. Ababa anali msodzi. Ankakhala masabata angapo kuzimbowera, timisasa toyandama tomwe asodzi amamanga pakati pa udzu wa m'nyanja, ndipo ulendo umenewo anabwerako akutsegula m'mimba. Iwo anachira. Inenso inandigwira, ndinachira. Koma mlongo wanga Yohane, wa zaka zinayi, sanafike n'kuchipatala komwe. Anatsirizikira panjira, ali kumbuyo kwa amayi.

Matendawo atalowa m'nyumba zina zitatu, anthu sanatinene pamaso, koma tinkaona. Amayi akafika pachitsime, anzawo ankasuntha ndowa zawo mwakachetechete. Ana anzanga akamalozera mlendo njira ankati, “Mudutse kuseri kwa a Kolera.” Ababa, omwe kale ankaimba nyimbo zakutchalitchi akamasoka ukonde, anangoti zii. Sananenepo ndi pakamwa pawo, koma tonse tinkadziwa kuti mumtima mwawo ankati mwana anamupha ndi iwo.

Nditabwerera kusukulu patatha masabata atatu, palibe amene ankafuna kukhala nane pafupi. Munthu mmodzi yekha ndiye sanandithawe: aphunzitsi athu a Chingerezi, a Madamu Nyasulu. Kwawo kunali kumpoto, ku Rumphi, ndipo Chinyanja chawo chinali chokhotakhota, choncho ankakonda kuyankhula ndi kulemba Chingerezi basi. Nthawi yopuma ankandiitana, n'kukhala nane pabenchi imodzi, kundilembetsa zonse zomwe anzanga anaphunzira ine ndili chigonere. Tsiku lina anandinyemera mbatata yawo, ina n'kudya iwo. Zimenezi sindinauze aliyense kunyumba, ndipo pambuyo pake ndinadandaula kuti bwenzi nditanena.

Ababa ndi amayi sankatha kuwerenga, ndiye pepala lililonse la pakhomo pathu linkadikira amalume a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi. Iwo ndiwo anali mwini mbumba. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo za ana amagamula ndi amalume. Bambo wobereka amangokhala mkamwini, wake n'kulima ndi kusodza. Pamwamba pa umalumewo, a Lufeyo anali atachitako maphunziro a zaumoyo a masiku atatu nthawi ya kolera ija. Anabwerako ndi tisheti yoyera ndi chigubu cha kolorini chomwe ankagawa khomo ndi khomo. Anthu anayamba kuwatchula kuti adokotala, ndipo iwo, kunena zoona, sankakana.

Anafika dzuwa litapendeka, atavala tisheti yawo ija. Anakhala pampando, ababa ali pamphasa ndi ukonde wawo, amayi akupeta mpunga chapatali pang'ono. Ine ndinagwada n'kupereka lipoti ndi manja awiri, mtima uli dyokodyoko. Anawerenga malikisi akugwedeza mutu. Kenaka anafika m'munsi, pomwe a Madamu analemba ndi inki yofiira mawu awa: “A rare gem. Take care of her.” Nkhope yawo inasintha. Anawerenganso mokweza, pang'onopang'ono.

“E reya jemu.” Anatsitsa pepala lija. “Alamu, mphunzitsi ameneyu munamulakwira chiyani?”

“Bwanji, alamu?” anafunsa ababa.

“Mawu awa ndikuwadziwa bwinobwino, tinaphunzira ku zaumoyo. Majeremusi amene mumanena inuwa, Mzungu mwini wake amati jemu. Kachirombo ka matenda. Reya ndiye kuti kosowa, kosapezeka wamba, koopsa kwenikweni. Ndiye kumapetoku akuti musamale naye.”

Singano ya ababa inaima pakati pa ukonde. Amayi anaika lichero pansi n'kugwira pakamwa. “Mayo ine! Mpaka kulemba papepala? Za pachitsime zija sizinakwane?”

Amalume anaimirira, kupsa mtima kwenikweni, ndipo lero ndimadziwa kuti ankapsera mtima ine, mwana wa mlongo wawo. Anati mwana wa mbumba yawo satukwanidwa papepala la boma iwo ali moyo. Anati sukulu imeneyo sindidzapondako phazi, ndipo ina yapafupi kunalibe. Lachinayi likubweralo bwato lopita kwa amayi aang'ono, omwe ankawamba nsomba pachilumba cha Chisi, linkanyamuka padoko la Kachulu. Ine ndikwere limenelo ndikathandize kuwamba matemba ndi milamba. Ababa anangoweramira ukonde wawo.

Ku Chisi ndinkakudziwa. Atsikana awiri a m'mudzi mwathu anapitako kukathandiza achibale, ndipo onse anabwerako chaka chisanathe, aliyense ali ndi mimba yake, sukulu itathera pomwepo. Ine ndinali nditatsala ndi chaka chimodzi kuti ndilembe mayeso a Sitandade 8.

Koma taonani mmene zinthu zimakhalira. Amalume atatembenuka kuti azipita, maso anga anagwera pamsana pawo. Kumbuyo kwa tisheti ija kunali mawu a Chingerezi, akuluakulu obiriwira, olimbikitsa kusamba m'manja, ndipo mawu otsiriza anali akuti “germs”. Ndinali nditawaona kambirimbiri osawalabadira. Tsiku limenelo ndinawerenga zilembo chimodzichimodzi. Zinali zisanu. Kuchotsapo esi wa kumapeto, yemwe a Madamu anatiphunzitsa kuti amasonyeza zinthu zambiri, zinkatsala zinayi. Ndinayang'ana palipoti langa. Zinali zitatu.

“Amalume,” ndinatero, “pamsana panupo pali chilembo cha ara. Apa palibe.”

Anacheuka. Munthu sangawerenge msana wake, ndiye anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Iwe Esinati, Chingerezi unachiyamba liti? Mphunzitsi wakoyo anathamanga polemba, chilembo chimodzi chinagwa. Tanena kuti jemu. Tanenanso. Wamva kusiyana kulikonse?”

Ndinanena kawiri konse, ndipo zoonadi, m'khutu munalibe kusiyana. Pakamwa pathu ife a kunyanja, mawu awiriwo amatuluka chimodzimodzi. Koma ine ndinali nditaona a Madamu akulemba pabolodi chaka chonse, ndipo chilembo sichinawagwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Komanso munthu angadye mbatata imodzi ndi kachirombo? Ndine wouma mutu chibadwire, amayi ankanena choncho, ndipo tsiku limenelo kuuma mutuko kunandigwirira ntchito. Ndinadziuza kuti bwato limenelo sindikwera ndisanaone ndi maso anga tanthauzo la zilembo zitatuzo.

A Madamu anali atanyamuka masana omwewo kupita kwawo kutchuthi, ndipo mafoni a m'manja anali asanafike kwathu. Chomwe chinatsala chinali dikishonale. Pasukulu pathu panali imodzi yokha, yomwe inkakhala m'kabati ya ahedi. Loweruka m'mamawa ndinali kale pakhomo pawo. Akazi awo anandiuza kuti ahedi apita ku Zomba, abwera pakatha masabata awiri, makiyi ali m'thumba mwawo. Ndinazungulira ofesi ija n'kusuzumira pawindo. Kabati ndinkaiona, loko ali lendee, koma ndikanatani?

Lamulungu titaweruka ndinatsatira mkulu wa mpingo wina yemwe anagwirako ntchito m'tauni. Anandilandira bwino, n'kutulutsa mabuku onse a m'nyumba mwawo: Baibulo la Chinyanja, buku la nyimbo ndi kabuku ka ulimi wa mpunga. Nditawaonetsa lipoti anavala magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, “Ngati a Lufeyo anena choncho, ndi choncho. Za matenda ndi awo aja.” Ndinabwerera kunyumba.

Lolemba amayi anachapa zovala zanga zonse, kupatula yunifolomu. Imeneyo anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi yawo. Ankachita zimenezi osandiyang'ana. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, kulemba zilembo zitatu zija padothi ndi kamtengo, kufufuta, kulembanso. Nthawi zina mtima unkanditsutsa. Bwanji ngati amalume akunena zoona? Bwanji ngati a Madamu ankangondimvera chisoni pamaso, m'mimba ali ndi zawo? Kuganiza zimenezo kunkandipweteka kuposa kuganiza za Chisi.

Mwayi unabwera Lachiwiri, ndipo anaubweretsa ndi amalume omwewo. Anandituma ku Kachulu kuti ndikauze mwini bwato andisungire malo. Tangoganizani, munthu kutumidwa kukadzikonzera wekha ulendo womwe sukuufuna! Ndinavomera msangamsanga mpaka amayi anandiyang'ana mokayika. Lipoti ndinalipinda n'kulibisa m'chitenje.

Kuchokera kwathu kukafika padoko ndi ulendo wa maola atatu wapansi. Ndinafika dzuwa likuswa mtengo, fungo la matemba oyanika litandichingamira kale patali, makondakitala akukuwa “Zomba! Zomba!” Kumabwato sindinapiteko. Ndinakhotera kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, komwe ndinagonekedwa m'tenti nthawi ya kolera. Matenti anali atachotsedwa. Ndinaganiza kuti ngati pali munthu wodziwa jemu weniweni, ndi wa pamenepa.

Njira ina yoonanira ndi anamwino panalibe, ndiye ndinakhala pamzere pamodzi ndi odwala. Amayi a ana ankandifunsa chomwe chikundipweteka, ine n'kumangoti mutu. Nthawi yanga itakwana ndinalowa. Anamwinowo anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, thukuta lili kamukamu, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

“Ukudwala chiyani?”

“Sindikudwala.”

“Nanga wadzatani? Ukuona mzerewo?”

“Ndabwera kudzafunsa ngati ndili jemu.”

Apo ndiye anadzutsa mutu. Ndinatambasula lipoti lija patebulo n'kufotokoza zonse: za amalume, za tisheti, za bwato la Lachinayi. Anawerenga mawu ofiira aja n'kuphulika kuseka, kuseka kogwira m'mimba. Kenaka anaona nkhope yanga, kuseka kuja n'kuduka. Anayang'ana dzina langa pamwamba pa lipoti, n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndine wa pakhomo paja panatayika kamnyamata panjira. Ndinavomera. Anandiuza kuti ndikadikire pakhonde.

Mzere utachepa anapita kunyumba kwawo kuseri kwa chipatala, n'kubwera ndi buku lonenepa, lothothoka chikuto. Sanandiuze tanthauzo ayi. Anandipatsa bukulo n'kunena kuti mwana wa nambala wani azipeza yekha. Ndinatsegula pa chilembo cha ji, n'kutsika ndi chala. Ndipo analipo! Zilembo zitatu, popanda ara, mawu oima paokha. Tanthauzo loyamba linkati ndi mwala wamtengo wapatali, wosemedwa bwino ndi kupukutidwa mpaka kunyezimira. Lachiwiri linkati ndi munthu kapena chinthu chomwe anthu amachiona kuti n'chabwino koposa, chosapezeka wamba. Ndinawerenga katatu. Kenaka ndinavundukula masamba awiri kutsogolo n'kumupeza mnzake wa ara uja, ali kwayekha ndi matenda ake.

Ine mwala wotero ndinali ndisanauonepo. Kwathu ndi kwa matope ndi bango. Mwala ukaupeza umausunga kuti ukhale fuwa. Anamwino anandiuza kuti miyala imeneyi imakumbidwa pansi, ina yofiira, ina yobiriwira, ina yoyera ngati madzi, ndipo kuti kuno kwathu komwe, cha ku Ntcheu, kumapezeka yofiira yotchedwa rube. Poikumba imaoneka ngati mwala wamba, yodetsedwa, moti wosadziwa akhoza kuiponya kutchire. Anati eni chiyankhulochi akafuna kuyamikira munthu yemwe wawagwira mtima amamutchula dzina la mwala umenewu, ndipo akawonjezera mawu akuti reya ndiye kuti anthu otere sapezeka kawirikawiri.

“Nanga akuti asamale nane chifukwa chiyani?” ndinafunsa.

“Sanatero. Akuti akusamale. Amalume akowo atembenuza. Kusamala mwana ndi kusamala naye, n'chimodzi?”

Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni kokhala ndi mamina, komwe sindinalire ngakhale pamaliro a Yohane chifukwa ndinali ndili chigonere. Anamwino anandisiya ndilire. Nditatonthola ndinawapempha kuti andibwereke bukulo. Anakana. Anati buku likapita kumudzi silibwerako, masamba ake amathera kupichirira fodya; andilembera kakalata basi. Ndinati kalata amalume akanena kuti ndalemba ndekha, kapena kuti anamwino nawonso chilembo chawagwa. Anati ndiye zako zimenezo. Ine ndinabwerera pakhonde paja n'kukhala pansi. Odwala anatha, ine ndili pompo. Wosesa anabwera, ndinamulanda tsache n'kusesa khonde lonse, n'kukhalanso. Anamwino potuluka kuti azikadya anandipeza ndili pomwe anandisiya.

“Koma mwana iwe ndiwe nkhakamira! Tenga. Lachisanu likhale lili pano.” Ndikulandira, sanalisiye msanga. “Ndipo tamvera. Amalume ako ndimawadziwa. Ankayenda ndi chigubu m'midzi monse popanda wowalipira, nthawi imene ena ankaopa n'kulowa komwe m'nyumba za odwala. Usakawavule pamaso pa anthu. Ukawapatse awerenge okha.”

Bukulo ndinalikulunga m'chitenje n'kulibereka kumbuyo ngati mwana, kuopa thukuta la m'manja. Uthenga wa kwa mwini bwato sindinaupereke. Kunena chilungamo, njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawalase nawo amalume. Ndinkafuna ndikaime pakati pa bwalo n'kufunsa kuti, adokotala, chilembo chagwa kwa ndani? Ndinkalawa mawuwo pakamwa, ndipo ankakoma. Koma malangizo a anamwino ankanditsatira, ndipo pofika pamtengo wa mango wa pakhomo pathu ndinali nditawameza mawu anga aja, ngakhale ankandikanda pammero.

Ndinawapeza onse atatu pakhonde, dzuwa likadalipo, akudikira yankho la bwato. Ndinamasula chitenje, kugwada, n'kutsegula pomwe ndinaika kaudzu.

“Amalume, anamwino akuti mundithandize kuwerenga apa. Ine Chingerezi chake chandikulira.”

Bodza limenelo linandiotcha lilime, koma ndinalinena. Amalume analandira buku lija modabwa. Anawerenga chala chili pamzere, milomo ikuyenda. Anatenga lipoti n'kuliika pambali pa tsambalo. Kenaka, popanda wowauza, anavundukula masamba kutsogolo mpaka anapeza mawu enawo. Anabwerera. Anapitanso. Nkhuku zinkangoyendayenda pabwalo. Potsiriza anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

“Alamu, mawuwa alipo awiri. Pali jemu wa matenda, ndiye pali jemu wina. Wa palipotiyu ndi mwala.”

“Mwala?” Ababa anakweza mawu koyamba m'miyezi yambiri. “Wachoka pa kachirombo wafika pa mwala? Ndiye akuti mwana wanga ndi wouma mutu? Nambala wani n'kukhalanso mwala?”

Apa ndiyenera kuwayamikira amalume. Akanatha kungosiya pomwepo, nkhani n'kuipa kachiwiri, ulemu wawo n'kutsala. Koma anawerenga tanthauzo lachiwiri lija n'kulimasulira lonse bwinobwino, ngakhale mawu awo anali otsika. Anati si mwala wa fuwa kapena wogendera mbalame kumpunga, koma wonyezimira, wosowa, womwe anthu amakumba mapiri kuufunafuna. Anati Mzungu akamutchula munthu choncho ndiye kuti wamulemekeza kwambiri. Ndipo anakonza okha mawu otsiriza aja: “Apa sakuti musamale naye. Akuti mumusamale.”

Amayi anaseka misozi ili m'maso. Ine ndinkati nkhani yatha. Koma munthu wamkulu kubweza mawu n'kovuta, abale. Amalume anatseka buku lija, kukhosomola, n'kunena kuti chabwino, mphunzitsi sanatukwane, komabe achemwali awo aja a ku Chisi anauzidwa kale, akudikira, ndipo mtsikanayu wakula, sukulu ya mwana wamkazi ikafika apa yakwana. Apite basi, za sukulu tidzaona m'tsogolo.

Mtima wanga unagwa. Ndinali nditayenda maola asanu ndi limodzi, ndapambana pa zilembo, koma bwato linali likadali pompo. Ndinayang'ana ababa. Sindinkayembekezera kanthu, chifukwa chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akutsutsa alamu awo. Anaika ukonde pambali pang'onopang'ono.

“Alamu, ine pano ndine mkamwini, ndipo mukudziwa kuti sindiyankhula. Miyala yomwe ndimaidziwa ine ndi yomangirira ku ukonde kuti umire. Ya mtundu winawu ndaimva lero. Koma mwana mmodzi nyanja iyi inanditengera kale, ndipo matendawo ndinabwera nawo ndine.” Anaima kaye, chifukwa aka kanali koyamba kunena zimenezo pakamwa. “Tsono munthu wachilendo, wa ku Rumphi, wandilembera kuti wotsalayu ndimusamale. Ine ndimutenge ndekha ndikamuponyenso m'nyanja momwemo? Pepani alamu. Esinati sapita.”

Amalume anayang'ana amayi, mlongo wawo, kuti mwina awathandiza. Amayi anangodzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi yunifolomu yanga. Anaikung'untha n'kuiyanika pachingwe, ngakhale inali youma. Amalume anavala chipewa chawo n'kunena kuti uthenga wa ku Chisi akapereka okha.

Atachoka, ababa anandiitana. “Tandionetsa chomwe chinasokonezacho.” Ndinalemba mawu awiri aja padothi, ena pamwamba ena pansi, n'kuloza. “Aka, ababa. Dzina lake ndi ara.” Anagwada n'kukayang'anitsitsa, kenaka anakalemba okha ndi chala, kokhota. Chimenecho ndicho chilembo chokha chomwe ababa anaphunzira moyo wawo wonse.

Lachinayi, tsiku la bwato lija, ababa anamangirira buku panjinga yobwereka n'kukalibweza okha kwa anamwino, pachipatala pomwe anali asanapondepo chimwalirire Yohane. Sukulu itatsegulidwa ananyamula makumba akuluakulu anayi, nsomba za m'nyanja yathu, owamba bwino, n'kukawatula pakhomo pa a Madamu Nyasulu. A Madamu anadabwa, anathokoza m'Chinyanja chawo chokhota chija, ndipo mpaka anasamutsidwa osadziwa kuti mawu awo asanu ndi awiri anatsala pang'ono kunditumiza ku Chisi. Kuyambira pamenepo ababa sankanditchulanso Esinati. Ankati Wopanda Ara. Ndikalakwitsa kanthu ankandiopseza kuti, “Iwe, ndikubwezera ara wako!”

Lero ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala china ku Zomba. Ntchito yanga ndi kuyang'ana majeremusi pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Amalume, omwe ndi okalamba tsopano, amauza aliyense kuti za majemu anandiyambitsa ndi iwo, ndipo ine sindiwatsutsa, chifukwa mwanjira ina akunena zoona.

Chomwe ndinaphunzira sabata imene ija ndimachigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Zinthu ziwiri zikhoza kumveka chimodzimodzi m'khutu, munthu womveka n'kulumbira kuti n'chimodzi, koma usanasaine pepala lonena za moyo wa munthu uyenera kuyang'ana wekha ndi kuwerenga zilembo. Ndinazindikiranso, mochedwa, kuti amalume sanalakwitse chifukwa cha umbuli wokha. Pakhomo pathu tinali titazolowera kunenedwa, moti chipongwe tinachikhulupirira msanga kuposa mmene tikanakhulupirira chiyamikiro. Dikishonale inakonza mawu, koma sindiyo inandichotsa m'bwato. Anandichotsamo ndi munthu wosadziwa kuwerenga, yemwe anatsegula pakamwa pamalo pomwe mwambo unkati akhale chete.

Chaka chomwe ababa anamwalira, ndinawatenga kudzaonana ndi madokotala kuno kutauni, ndipo anaumirira kuti aone komwe ndimagwira ntchito. Ndinawakhazika pampando wanga n'kuwaonetsa poika diso. Anasuzumira nthawi yaitali, chipewa chili pamaondo.

“Awa ndiye a ara aja?”

“Eya, ababa.”

“Tating'ono chonchi, n'kunditengera Yohane.”

Anasuzumiranso kamodzi, kenaka anadzuka n'kundigwira paphewa ndi dzanja lawo lokhakhala ndi zingwe za ukonde. Anayang'ana anzanga a mu labu, omwe anali asanawaonepo chiyambire, n'kuwauza mwaulemu ngati akupereka uthenga womwe anatumidwa kalekale: “Uyu ndi wopanda ara. Mumusamale.”